Funsani Malume a Kunyanja: Maboti ouluka aja, chikho anatenga ndani?

Mwezi uno makalata andichulukira pa nkhani imodzi, ya maboti a matanga amene amapikisana kunja kuja. Pali kanema amene wakhala akuzungulira pa WhatsApp kuno ku Mangochi, ndipo wadzutsa mikangano m'madoko ndi m'matiirumu. Ndasankhapo makalata anayi. Inu amene munafunsa za injini yokana kulira m'mawa ndi za phula lomatira boti, mundidikire mwezi wamawa, sindinakuiwaleni.

FUNSO: Malume, ine ndimapalasa kabaza pa boma. Mnzanga anandionetsa pafoni maboti akuthamanga osakhudza madzi, ataima pa timiyendo ngati kakowa. Kumapeto anthu a ku Britain ananyamula chikho akuvina. Koma wina pa siteji pathu akulumbira kuti chikho chinapita ku New Zealand. Wanama ndani?
Mnyamata wa kabaza, pa mlatho wa Bakili Muluzi

YANKHO: Mphwanga, palibe wanama. Zikho zilipo ziwiri, ndipo china ndi khomo lolowera ku chinzake.

Chachikulucho ndi America's Cup. Chinayamba mu 1851, pamene boti lotchedwa America linawoloka kuchokera ku New York n'kukasiya maboti onse a Angerezi pa mjaha wozungulira chilumba cha Isle of Wight. Dzina la chikhocho linachokera pa botilo, osati pa dziko. Tsono mwambo wake ndi wosiyana ndi wa mpira. Amene akusunga chikho salimbirana ndi chigulu, amadikira mdani mmodzi yekha. Ofuna kumulanda akachuluka amayamba athana okhaokha, wotsalayo ndiye amapita kukagogoda. Zili ngati bawo la pansi pa mtengo wa mango: katswiri wakhala pamalo pake, ena nonse muyambe mwadyerana nkhomo uko, wopambana ndiye abwere adzakhale moyang'anana naye. Kuyambira 1983 mpikisano wosefawu umatchedwa Louis Vuitton Cup, potengera kampani ya ku France yopanga zikwama ndi masutikesi imene imaikapo ndalama. Mu 2021 mokha ndi mmene unatchedwa Prada Cup.

Kanema unaonayo ndi wa 2024 ku Barcelona, m'dziko la Spain. Ofuna kulanda analipo asanu: INEOS Britannia ya ku Britain, Luna Rossa Prada Pirelli ya ku Italy, American Magic ya ku America, Alinghi Red Bull Racing ya ku Switzerland, ndi Orient Express ya ku France. Anayamba pa 29 Ogasiti, aliyense kukumana ndi mnzake kawiri, ndipo a ku France ndiwo anayamba kumanga katundu. Pa semifainolo Britain inagonjetsa Switzerland 5-2, Italy inagonjetsa America 5-3. Manambalawa ndi kuwerenga mijaha. Maboti amathamanga awiriawiri, kukwera kumene mphepo ikuchokera n'kutsikanso, kangapo, ndipo wofika poyamba walemba chimodzi.

Fainolo ya Britain ndi Italy ndinaionera pa foni ya mwana wanga wamkazi, pakhonde kwathu ku Namiasi, foniyo itatsamira pa chitini cha shuga. Miyezi imeneyo wotchi ya ku Barcelona imafanana ndi yathu, choncho mijaha inkayamba 2 koloko masana itangopitirira, nthawi imene anyamata a chilimira amakhala atadzuka ndipo akusoka ukonde pamthunzi. Tsiku loyamba tinali awiri. Pofika kumapeto khonde linkachepa, aliyense akusonkha ya bandulo. Uyu akatenga mjaha, mnzake amabweza. Tsiku lina boti la Italy linagwa pa timiyendo take lili pa liwiro, mphuno n'kulowa m'madzi, zikamba zina za pamwamba n'kung'ambika. Tonse tinati basi, kwawathera. Koma anthu ake analimata ndi tepi pamadzi pomwepo, ndipo mjaha wotsatira, tsiku lomwelo, anapambana, zinthu n'kukhala 4-4. Mkulu wina amene wakalamba akukhoma maboti a matabwa anaimirira n'kuwomba m'manja yekhayekha, maso ali pa kafoni kaja. Iye ndi amene anamvetsa bwino kuposa tonse ntchito imene inagwirika pamenepo.

Kuchoka apo Britain, motsogozedwa ndi Ben Ainslie, inatenga mijaha itatu motsatizana, ndipo pa 4 Okutobala zinathera 7-4. Chikho unaona akunyamula ndi chimenecho. Kuvinako kunali ndi chifukwa, pakuti Britain inali itatha zaka 60 osafika pa khomo la chikho chachikulu.

Pa 12 Okutobala anayamba kulimbana ndi mwini chikho, Emirates Team New Zealand. New Zealand inatenga mijaha inayi yoyambirira, Britain inabweza iwiri tsiku limodzi, kenako eni ake anatseka nkhani pa 19 Okutobala, 7-2. Ukamuuze mnzakoyo kuti nonse mukunena zoona. Angerezi chitayireni chikhochi mu 1851 sanachigwirekonso.

FUNSO: Malume, ndimaphunzitsa ku sekondale ndipo nkhani za masewera ndimazitsata. Ine ndimaona ngati timu imene yadutsa kosefako imafika itatopa, pamene wosunga chikho wapumula. Zinayamba zachitikapo kuti wochokera kosefa n'kulandadi chikho?
Mphunzitsi, Malindi

YANKHO: Aphunzitsi, zachitika kangapo. Kuyambira 1983 mipikisano yosefayi yachitika 11. Opambana ake asanu analanda chikho, asanu ndi mmodzi anabwerako chimanjamanja.

Pa za kutopazo tisiyane pang'ono. Ine ndimaona kuti kusefako kumanola. Kalabu ya New York Yacht Club inasunga chikhochi zaka 132, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti Amereka ankapimana mphamvu okhaokha posankha boti loteteza, pamene kwa zaka zambiri mlendo ankafika ali yekha, asanakhulane ndi wina aliyense. Mu 1983 ku Newport kunabwera maboti asanu ndi awiri ochokera m'maiko asanu. Pakati pawo panali Australia II, limene mmisiri wake Ben Lexcen anaika timapiko pa chitsulo cholemera cha kunsi kwake. Akalitulutsa m'madzi ankaliveka nsalu kunsiko kuti adani asaone. Linagonjetsa Victory '83 la ku Britain 4-1, kenako linakumana ndi Liberty la Dennis Conner, boti la Amereka loteteza chikho. Linatsalira 3-1, koma woliyendetsa John Bertrand ndi anzake, amene anali atathamanga mijaha yambirimbiri miyezi imeneyo, anatembenuza zinthu mpaka 4-3. Munthu wotopa sachita zimenezo.

Conner uja, atataya chikho, anachita kuima pa mzere ngati wina aliyense. Mu 1987 ku Fremantle, kumene mphepo ya masana imaomba ngati mwera wathu wa mu Julaye, anadutsa pakati pa maboti 13, anagonjetsa New Zealand 4-1, n'kukalanda chikho kwa Kookaburra III la ku Australia 4-0. Mu 1995 ku San Diego kunali kwa New Zealand ndi boti lawo lakuda bii lotchedwa Black Magic, Russell Coutts ali pa chiwongolero: 5-1 kosefa, 5-0 pa chikho chachikulu. Mu 2003 inali Alinghi, imene ndiikamba pa kalata yotsatira. Mu 2017 ku Bermuda New Zealand inagonjetsa Artemis ya ku Sweden 5-2, kenako Oracle ya ku America 7-1.

Mphwanga wa kabaza uja atchere khutu apa. Maboti amenewa alibe injini. Mpaka mu 2024 mphamvu yokokera matanga inkachokera kwa anthu amene ankapopa mafuta m'mapaipi. Matimu onse ankapukusa zogwirira ndi manja, koma mu 2017 New Zealand inabwera itaika zopalasira za njinga m'boti, podziwa kuti mwendo uli ndi mphamvu kuposa mkono. Pofika 2024 boti lililonse linali ndi anthu asanu ndi atatu, ndipo anayi mwa iwo ntchito yawo inali kupalasa basi, mutu uli pansi, osaona n'komwe kumene boti likupita.

Amene anapambana kosefa n'kukagwa pakhomo ndi awa. Il Moro di Venezia la ku Italy mu 1992 linagonja 4-1. Luna Rossa mu 2000 inapulumuka 5-4 kwa AmericaOne, n'kukakwapulidwa 5-0 ku Auckland. New Zealand mu 2007 ku Valencia inagonja 5-2 kwa Alinghi, mjaha wotsiriza n'kusiyana ndi sekondi imodzi yokha. Zowawa kwambiri zinali za 2013 ku San Francisco. New Zealand inasesa Luna Rossa 7-1, n'kutsogola Oracle 8-1, kutsala mjaha umodzi kuti inyamule chikho. Oracle inatenga mijaha isanu ndi itatu motsatizana, zinathera 9-8. Kenako Luna Rossa mu 2021, imene inagonjetsa Britain 7-1 n'kugonja 7-3, ndi Britain ya 2024 ija. Mu 1988 ndi 2010 kosefa kunalibe, chifukwa nkhani zinathera kukhoti ndipo anapikisana awiri okha.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi apa. Mwini chikho ali ndi mwayi waukulu, koma si wa kupumula. Iye ndi amene amasankha malo, ndipo pamodzi ndi woputa woyamba amalemba malamulo a mtundu wa boti. Mu 2024 New Zealand inaloledwanso kuthamanga nawo m'ndime yoyamba ya kosefa, zotsatira zake osawerengedwa. Inawapima onse asanu n'kubwerera kukakonza boti lake mwakachetechete. Zimenezo sizinandisangalatse, ndipo mpaka lero ndimaziona kuti n'zokondera.

Mukandifunsa kumene kuli mtima wanga, ndi ku Luna Rossa. Mwini wake Patrizio Bertelli anayamba mu 2000, wafika fainolo ya kosefa kasanu, wapambana kawiri, chikho chachikulu sanachikhudzepo, koma amabwerabe. Amandikumbutsa asodzi a kuno amene amabwerako usiku atatu opanda usipa, wachinayi n'kuyatsanso nyali.

FUNSO: Malume, ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 13 amene sachoka kunyanja. Chionereni kanema uja sakundipatsa mpata. Akufunsa ngati anthu a mu Africa analowako mpikisano umenewu, ngati akazi amaloledwa, ndiponso ngati dziko lopanda nyanja ya mchere ngati lathu lingapite. Ine ndilibe chomuyankha.
Mayi wa geni ya usipa, Makawa

YANKHO: Achemwali, mwanayo wafunsa mafunso amene ine ndinawasunga mumtima zaka zambiri. Mumuwerengere yankholi.

Africa inalowako. Mu 2007 ku Valencia kunali Team Shosholoza ya ku South Africa, yoyamba kuchokera ku Africa kuno. Dzinalo abale athu a ku Joni akulidziwa, ndi la nyimbo ya m'migodi. Anaiyambitsa ndi Salvatore Sarno, mkulu wa kampani ya sitima za katundu ku Durban, kudzera mu kalabu ya Royal Cape Yacht Club. M'boti munali akuda ndi oyera pamodzi, ndipo ena mwa anyamatawo anachokera m'makomboni osauka. Ndalama zawo zinali zochepa poyerekeza ndi za anzawo, komabe pa matimu 11 anathera pa nambala 7, pamwamba pa France, Germany, China ndi timu ina ya ku Italy.

Akazi anali ndi chikho chawo koyamba mu 2024 ku Barcelona komweko, ndipo anachitenga ndi atsikana a Luna Rossa.

Tsono za dziko lopanda nyanja ya mchere. Switzerland yazunguliridwa ndi maiko anzake mbali zonse ngati Malawi. Kalabu ya Alinghi ili ku Geneva, m'mbali mwa nyanja ya madzi ozuna imene ingalowe mu yathuyi pafupifupi ka 50. Mu 2003 Alinghi inagonjetsa Oracle 5-1 kosefa, n'kukalanda chikho ku New Zealand 5-0. Poti lamulo limafuna nyanja ya mchere, anakachititsa mpikisano wotsatira ku Valencia, ndipo anachitetezanso. Koma mwanayo ndisamunamize. Mwini timuyo, Ernesto Bertarelli, ndi mpondamatiki, ndipo analemba ntchito Russell Coutts ndi akatswiri ena a ku New Zealand komweko. Timu imodzi imadya mamiliyoni ambirimbiri a madola. Malawi sitifikako mawa kapena mkuja.

Chimene chimandiwawa si chimenecho. Akatswiri ambiri amene timawaona pa kanemawa, Ben Ainslie yemwe, anayambira m'kaboti kotchedwa Optimist, kotalika mamita awiri ndi kachidutswa, ka thanga limodzi, kamene poyambirira kankakhomedwa ndi pulayiwudi. Mmisiri aliyense wa ku Mpwepwe kapena ku Monkey Bay atapatsidwa miyeso angakakhome. Mphepo tili nayo yaulere, mwera, mpoto, vuma, zambwe, iliyonse ndi nyengo yake. Ana athu amasambira asanayambe sukulu. Koma thanga likutha m'madoko mwathu. Bambo anga anali ndi thanga la matumba a feteleza, losokedwa ndi ulusi wa ukonde, mlongoti wake nsungwi. M'mawa ankanyowetsa chala n'kuchikweza, n'kuyang'ana mtundu wa madzi cha ku chilumba cha Boadzulu, n'kunena nthawi imene mphepo itembenuke. Sankaphonya kawirikawiri. Lero mnyamata akapanda petulo amakhala kumtunda, mphepo ikuomba bwinobwino. Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri pa loji ina yosamalira maboti a alendo, aja ooneka ngati mabwato awiri omangidwa pamodzi, ndipo ndinaona kuti zimene alendowo amaphunzira ndi mabuku bambo anga ankazidziwa ndi khungu.

Pa nyanja yathu pomwepa pakhala pakuchitika mjaha wa maboti a matanga mwezi wa Julaye, kuchoka kuno kumwera kulowera kumpoto, makilomita oposa 500, pafupifupi sabata yathunthu, mwera ukuwakankha kumbuyo. Ambiri olowa nawo amakhala alendo ndi anthu a m'tauni, ana a asodzi amaonerera ali pamchenga. Mukamva kuti ayamba kumanga maboti awo, mumutengere mwanayo kumeneko. Akapemphe kugwira chingwe, kukankha boti, kupinda thanga. Anthu a matanga sakonda kukaniza mwana wofunsa.

Chinthu chimodzi musalole: asakwere popanda jekete yoyandamitsa. Mu 1995 boti la oneAustralia linathyoka pakati mjaha uli mkati n'kumira m'mphindi ziwiri, ndipo anthu onse 17 anapulumuka chifukwa maboti opulumutsa anali pafupi. Mu 2013 Andrew Simpson, katswiri wa mendulo ya golide ya Olympics, anafa boti la Artemis litagudubuzika pokonzekera. Inenso mwera unandigudubuza tsiku lina ndili ndekha, gombe likuoneka ngati kamzere, ndipo ndinakhala ndikukakamira boti mpaka asodzi a mbedza anandipeza dzuwa litapendeka. Manja anali atafa dzanzi. Chinandisunga ndi jekete.

FUNSO: Malume, ine ndakalamba ndi thanga, kuwoloka nalo kuchoka kuno kupita tsidya ilo. Adzukulu akundiuza kuti maboti amenewa amathamanga kuposa mphepo imene ikuwakankha. Ng'ombe ingatsalire ngolo n'kutsogola?
Msodzi wachikulire, Makanjira

YANKHO: Achikulire, ndikuyankhani ndi ulemu, chifukwa za mphepo inu mukuzidziwa kuposa ine. Adzukuluwo sakunama. Pa fainolo ya 2024 boti la Britain linafika liwiro la makilomita 103 pa ola, pamene malamulo sankalola n'komwe kuyamba mjaha mphepo ikapitirira makilomita 39 pa ola.

Thanga la matumba lija limagwira mphepo ngati thumba, mphepo n'kumakankha kumbuyo. Pamenepo mukunena zoona, ngolo singapitirire ng'ombe. Koma inu mukudziwa kuti mukamawoloka mphepo ikukumenyani m'nthiti, boti limathamanga kuposa pamene ili kumsana. Tengani nthanga ya dzungu yonyowa muifinye pakati pa zala ziwiri. Zala zimayenda pang'ono, nthanga imathawa ngati mwala wa legeni. Mphepo ikufinya thanga mbali iyi, madzi akufinya chitsulo cha kunsi mbali inayo, boti lili pakati limatulukira kutsogolo. Ndipo likayamba kuthamanga limadzipangira mphepo ina, ngati imene wa njinga amaimva kumaso tsiku lopanda mphepo. Mphepo ziwirizi zikaphatikizana thanga limakoka kwambiri, boti n'kuonjezera liwiro, mphepo n'kukulanso.

Chimene chimaletsa maboti athu kutero ndi madzi amene amagwira mimba ya boti. Awa anathana nazo poika mapiko pansi pa madzi, kumapeto kwa timiyendo tija. Liwiro likakwana mapikowo amanyamula boti lonse, lotalika mamita pafupifupi 23 ndi lolemera matani oposa sikisi, n'kulikweza m'mwamba, m'madzi n'kutsala phiko limodzi ndi chiwongolero. N'chifukwa chake ngakhale akutsika ndi mphepo sayenda molunjika, amakhotakhota kuti mphepo izikhalabe m'nthiti. Mphepo ikafooka pokhota, boti limagwa pa mapiko n'kukhala pamadzi ngati chipika, mnzake akudutsa ngati mbalame. Mijaha ingapo ya ku Barcelona inatayika choncho, ndipo wopambana anali amene anaona msanga pamene madzi achita mdima, pamene pakubwera kamphepo. Pakhonde paja anyamata a chilimira ankaloza pa foni asananene n'komwe wolengeza, amvekere, "Apite uko, mphepo ili uko!"

Mpikisano wotsatira udzachitika mu 2027 ku Naples, m'dziko la Italy, dziko la kwawo kwa Luna Rossa. Achikulire, ndili ndi pempho. Adzukuluwo akulembereni mmene mumadziwira kuti vuma abwera m'mawa, mmene mumasokera thanga lanu ndi mmene mumalitsitsira namondwe akakupezani pakati. Mutumize kuno, ndidzazisindikiza pa tsamba lino mmene mwanenera, ndipo kope limodzi ndidzakapereka ndekha kwa mtsikana wa ku Makawa uja.